Manda a ku Cape Maclear ndi chikondi chosawerengera phindu

Anthu ambiri amene amapita ku Cape Maclear m'boma la Mangochi amakhala atakopeka ndi mchenga, madzi oyera ndi tinsomba tokongola totchedwa mbuna. Ndi ochepa amene amapatuka n'kukaima pa manda akale amene ali chapafupi ndi gombe, m'tsinde mwa phiri. Mandawo ndi owerengeka ndipo alibe zokometsera zambiri. Komatu banja lililonse lachikhristu m'dziko muno likadachita bwino kudziwa amene adagona pamenepo, pakuti mbiri yawo ikuyankha funso limene ambirife timalizemba: kodi kukonda ndi mtima wonse n'kutani, ndipo mtengo wake ndi wotani?

Pa 12 Okutobala 1875, sitima yaing'ono yotchedwa Ilala idalowa m'nyanja ya Malawi kuchokera mumtsinje wa Shire. Idabwera ndi kagulu ka amishoni ochokera ku Scotland motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo pakati pawo padali dokotala wa zaka 24 zokha, Robert Laws. Atafika pa mathithi a Shire adaiphwasula sitimayo, anthu mazanamazana a kuno kwathu nasenza zidutswa zake pamutu mpaka pamene madzi adali odekha, pomwe adailumikizanso. Mfumu Mponda idawalola kukhala ku Cape Maclear, ndipo malowo adawatcha Livingstonia pokumbukira David Livingstone yemwe adamwalira mu 1873. Nthawi imeneyo malonda a akapolo adali atazika mizu kumwera kwa nyanja, ndipo magulu a anthu omangidwa ankawolotsedwa pa Shire ulendo wa kunyanja yamchere.

Chaka chotsatira, mu 1876, Dr. James Stewart wa pasukulu ya Lovedale ku South Africa adafika ndi gulu lachiwiri. M'gululi mudali Dr. William Black komanso anyamata anayi a mtundu wa Axhosa: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Mfundo imeneyi tisaiiwale. Pakati pa anthu oyambirira kudza ndi Uthenga Wabwino kunyanja kuno padali Aafirika anzathu, amene adadzipereka okha popanda wowakakamiza, nasiya makolo ndi abale kupita kudziko limene sadalionepo. Mngunana adali mphunzitsi, ndipo ndiye adagwira ntchito yophunzitsa ana pasukulu ya ku Cape Maclear.

Malowo adali okongola m'maso koma odzadza ndi matenda, makamaka malungo. Mu 1877 Dr. Black adamwalira, ndipo patangopita nthawi yochepa Mngunana naye adatsatira. Onse awiri adali asadathe ngakhale chaka chimodzi pamalopo. Mu 1880 adamwaliranso George Benzie, woyendetsa Ilala, ndi John Gunn. Pofika 1881 manda adali asanu, pomwe munthu wobatizidwa adali mmodzi yekha, Albert Namalambe, amene Dr. Laws adamubatiza pa 27 Malichi chaka chimenecho. M'chaka chomwecho likulu la mishoni lidasamukira ku Bandawe, kumpoto.

Munthu wodziwa malonda atapatsidwa nkhaniyi kuti aiwerengere sangachedwe kugamula. Zaka zisanu ndi chimodzi zidapita, miyoyo isanu idatayika, ndalama zambiri zidalowa, ndipo chotsala chidali Mkhristu mmodzi ndi nyumba zosiyidwa. Iye angati uku kudali kuluza. Ndipo si Apresibateriya okha adaona zoterezi. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika kwa Mponda mu Disembala 1889, natsegula sukulu, nathandiza odwala, koma mu Juni 1891 adachoka osakhazikitsa mpingo. Kumwera kwa nyanja kuno, chiyambi cha Chikhristu chidaoneka ngati kuthira madzi pamchenga.

Kawerengedwe koteroko si kachilendo m'Malemba. Pa Marko 14 ndi Yohane 12 timawerenga za mayi wa ku Betaniya amene adadza kwa Ambuye Yesu ndi nsupa ya mafuta onunkhira a mtengo wapatali. Yohane akutiuza kuti mayiyo adali Mariya, mlongo wake wa Lazaro. Mafutawo mtengo wake udali wolingana ndi malipiro a munthu waganyu a pafupifupi chaka chathunthu. Ena amene adali pachakudyapo, ndipo Yohane akutchula Yudasi, adachita masamu msangamsanga napeza kuti chumacho chaonongeka. Masamu awo adali olondola, chifukwa mafutawo adathadi tsiku lomwelo. Koma Ambuye adaikira kumbuyo mayiyo, nanena kuti chimene adachita chidzakumbukika kulikonse kumene Uthenga Wabwino udzalalikidwa.

Marko akuwonjezera kanthu kena kofunika: mayiyo adaswa nsupa. Munthu wotsegula nsupa amakhala ndi mwayi wothira pang'ono n'kutsekanso, kusungira mawa. Woswa nsupa wadzitsekera yekha njira yobwerera. Apa ndiye pagona kusiyana kwa chikondi cha mtima wonse ndi chikondi chimene ambirife tidazolowera. Lamulo lalikulu limene Ambuye adalitchula pa Marko 12:30 likukhudza mtima, moyo, nzeru ndi mphamvu, ndipo pa chilichonse mwa zinayi Mulungu akufuna chathunthu. Lachiwiri, lokhudza mnzathu, adalimangirira pompo kuti wina asadzati amakonda Mulungu kwathunthu pamene anthu a m'nyumba mwake akulandira zotsalira.

William Koyi ndi chitsanzo cha munthu woswa nsupa. Mbiri ya mpingo imasimba kuti podzipereka ku Lovedale iye ankadziona wochepa maphunziro, nadziyerekeza ndi munthu amene adalandira theka chabe la talente, koma wokonzeka ngakhale kutema nkhuni ndi kutunga madzi. Adaona mnzake Mngunana akuikidwa m'manda. Patapita zaka adapita kwawo kukapuma, ndipo palibe akadamudzudzula akadakhala konko. Koma adabweranso. Popeza chilankhulo chake chidali chofanana ndi cha Angoni, iye ndiye adakhala mlatho pakati pa amishoni ndi anthu a Inkosi M'mbelwa, nakhala ku Njuyu m'masiku oopsa pamene nkhondo inkatha kubuka nthawi iliyonse. Adamwalira komweko mu 1886. Angoni oyamba adabatizidwa mu 1890, iye atagona kale m'manda zaka zinayi.

Albert Namalambe nayenso adaonetsa mtima womwewo. Amishoni atasamukira ku Bandawe, iye adatsala ku Cape Maclear kuyang'anira malowo, kuphunzitsa ndi kutsogolera mapemphero. Kutsala pamalo pamene akuluakulu achokapo ndi ntchito yopanda ulemerero, chifukwa palibe wokuona ndipo palibe wokuyamikira. Lero tikudziwa zimene zidatsatira. Livingstonia idakhazikika ku Khondowe mu 1894, Dr. Laws adatumikira m'dziko muno zaka 52, amishoni a Dutch Reformed adayamba ku Mvera mu 1889, ndipo mpingo wa CCAP udabadwa mu 1924. Akatolika adabweranso mu 1901 ndi 1902, ndipo mu 1973 Mangochi idakhala dayosizi, Ambuye Alessandro Assolari nakhala episikopi wake woyamba.

Komabe tichenjere pano, okondedwa awerengi. Tikanena kuti chikondi cha anthuwa chidali chabwino chifukwa choti pambuyo pake chidabala zipatso, ndiye kuti tabwereranso kumasamu a Yudasi, tangosintha mayankho. Mngunana sadaone CCAP. Black sadaone chipatala chilichonse chachikulu cha mishoni. Pa tsiku limene ankatsirizika, chimene ankachidziwa n'chakuti adapereka zonse kwa anthu amene ambiri mwa iwo sadalabadire. Amishoni sadali angelo, ndipo mbiri imasunganso zolakwa zawo, monga kunyoza miyambo ina imene sadaimvetse. Koma pa nkhani iyi yokha, ya kusabisa kanthu pambali, manda ajawa akutitsutsa.

Nanga ife timakonda motani? Makolo athu adatisiyira mwambi wakuti kupatsa n'kuika. Adanenanso kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Miyambiyi ndi yanzeru, ndipo yasunga midzi yathu m'zaka za njala ndi maliro. Koma tikaisinkhasinkha bwino tipeza kuti mkati mwake muli chiyembekezo cha kubwezeredwa. Timapita kumaliro a mnzathu kuti athu asadzasowe anthu. Timasonkha paukwati wa uje pokumbukira kuti mwana wathu naye akukula. Zoterezi si tchimo, ndi mmene anthu amathandizirana. Vuto limadza pamene chikondi chathu chonse chathera pamenepo, kotero kuti munthu amene alibe chotibwezera sitimuonanso.

Pa Luka 14:12-14 Ambuye Yesu adakhudza chilonda chimenechi. Adalangiza mwini phwando kuti aziitana amphawi, olumala ndi osaona, ndipo chifukwa chimene adapereka n'chodabwitsa: anthuwa alibe chobwezera. Chimene ife timachiyesa chifukwa chosamuitanira munthu, Ambuye adachiyesa chifukwa chomuitanira. Choncho muyeso wa chikondi cha m'nyumba mwathu tisaufune pa mmene timalandirira abusa, abambo mfumu kapena mlamu wochokera kutauni ndi thumba la shuga. Tiufune pa mmene timakhalira ndi munthu amene sadzatipatsa kanthu mpaka imfa.

Nkhani ya Hananiya ndi Safira pa Machitidwe 5 ikutionetsa mbali ina ya matendawa. Banjali lidagulitsa munda, nkubisa gawo la ndalama, nkupereka zotsalazo ngati kuti ndi zonse. Petro adawakumbutsa kuti mundawo udali wawo ndipo ndalamazo zidali m'manja mwawo. Palibe adawalamula kupereka zonse. Tchimo lawo lidali kuonetsa theka ngati chathunthu. Ndi mabanja angati lero amene akukhala m'bodza lomweli? Pamaso pa mpingo ndi ankhoswe tidalonjeza moyo wonse, koma mumtima tidapatula chigawo chimene mnzathu sachidziwa: ndalama zobisa, nambala ya foni yosungidwa m'dzina labodza, kapena ganizo lakuti zikavuta ndili ndi kolowera.

Gwero la zonsezi kawirikawiri ndi mantha. Amene adapwetekedwapo amalumbira kuti sadzaperekanso mtima wake wonse kwa munthu. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo sitikuwapeputsa. Koma akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Msodzi aliyense wa ku Makawa, ku Malindi kapena ku Msaka akudziwa kuti munthu woponda mwendo umodzi m'bwato, wina pagombe, ndiye woyamba kugwa m'madzi. Amene amakonda mosiyako poopa kupwetekedwa amadzipweteka yekha tsiku ndi tsiku, chifukwa sakhala pamtendere m'nyumba mwake, ndipo mnzake amamva kuzizirako ngakhale palibe wanena kanthu. Ana nawo amaona, ndipo amakula akuyesa kuti banja ndi malo ochenjererana.

Taganizirani za abambo amene ali pachikamwini, monga zilili m'midzi yambiri ya kuno kunyanja. Alipo amene amakana kumanga nyumba yanjerwa kapena kubzala mitengo yazipatso pamudzi wa mkazi, ati chifukwa tsiku lina angadzathamangitsidwe. Ana awo enieni akugona m'nyumba yodontha pamene bambo akusunga mphamvu zake kudikira tsoka limene mwina silidzabwera. Mbali inayi, alipo apongozi ndi alamu amene amamuona mkamwini ngati mlendo wodzagwira ntchito, osamulola kumva kuti pamudzipo ndi pakwawo. Onsewa akusunga kanthu pambali, ndipo olipira mtengo wake ndi ana. Mkamwini wachikhristu amange ngati wokhalitsa, ndipo eni mudzi achikhristu amulandire ngati mwana wawo.

Boma la Mangochi limadziwikanso ndi anyamata ndi abambo ambiri opita ku Joni kukafuna ntchito. Ulendowu wamangitsa nyumba zamalata ndi kulipirira ana sukulu, ndipo sitiunyoza. Koma ulendo womwewu wayesa chikondi cha mabanja ambiri. Bambo wotumiza ndalama mwezi ndi mwezi pamene mtima wake wamanga banja lina ku Johannesburg kapena ku Durban akupereka theka ngati chathunthu. Mayi amene amakonda mwamuna wake pokhapokha katundu akamabwera naye akuchita chimodzimodzi. Mu 2008 ndi mu 2015, pamene alendo ankachitidwa chipongwe ku South Africa, Amalawi ambiri adabwerera pa mabasi ali chimanjamanja. Tsiku ngati limenelo ndilo limaulula ngati pakhomo ankadikira munthu kapena ankadikira katundu.

Pali mwana wamasiye amene tidamutenga pamaliro, anthu onse akuona, nkulonjeza kuti tidzamulera ngati wathu. Mliri wa Edzi udasiya ana oterewa pafupifupi m'banja lililonse. Funso ndi lakuti, kodi mwanayo amadya mbale imodzi ndi ana athu? Fizi ikachepa, ndani amayamba kukhala pakhomo? Ndani amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi pamene ena ali m'tulo? Ndani amatumidwa kukayanika usipa pathandala nthawi ya sukulu? Mwana amadziwa msanga ngati akukondedwa kwathunthu kapena akungosungidwa, ndipo chilonda chimenecho amakula nacho. Kumupatsa pogona n'chinthu chabwino, koma Mulungu amene Malemba amamutcha atate wa ana amasiye akufunsa zoposa pogona.

Pali agogo amene mphamvu zawo zidatha, amene lero amaiwala maina a adzukulu ndi kulankhula zosamveka. M'dziko muno tamva kambirimbiri za okalamba akunamiziridwa ufiti, kumenyedwa, ngakhale kuphedwa kumene, nthawi zina ndi abale awo enieni. Munthu amene adatibereka kumsana, natilimira, natiphikira, akafika poti sangatipatsenso kanthu timayamba kumuona ngati katundu, kenako ngati mdani. Pamenepa ndiye pamaonekera poyera ngati chikondi chathu chidali cha kuika kapena cha mtima wonse. Chimodzimodzi ndi wodwala wa nthawi yaitali, amene mwezi woyamba anthu amadzaza nyumba kudzamuzonda, koma pofika mwezi wachisanu watsala ndi munthu mmodzi womutembenuza pamphasa. Munthu mmodziyo, amene nthawi zambiri amakhala mayi, ndiye Namalambe wa masiku ano, ndipo mpingo uyenera kumufunafuna ndi kumupeputsa katundu.

Kuno ku Mangochi Akhristu amakhala pakati pa abale athu Asilamu, amene ndiwo ochuluka m'bomali. Timagula pamsika umodzi, timakoka khoka limodzi, ndipo mabanja ambiri ali ndi achibale kutchalitchi ndi kumzikiti komwe. Chiyeso chathu n'chakuti tingamakonde mnansi wachisilamu ndi cholinga chobisika, kumuchitira zabwino pokhapokha pali chiyembekezo choti adzalowa mpingo wathu, nkumutaya tikaona kuti sasintha. Chikondi chotero ndi nyambo, ndipo anthu amaizindikira nyambo. Msamariya wa pa Luka 10 sadafunse chipembedzo cha munthu wovulala uja asadamange mabala ake. Umboni wathu wa Khristu tiupereke momasuka ndi mwaulemu, koma thandizo lathu pa matenda, pa maliro ndi pa njala lisakhale ndi chingwe.

Ku Cape Maclear komweko kudachitikanso nkhani ina m'nthawi yathu ino. Mu 1999 mnyamata wa ku Ireland, Billy Riordan, adamira m'nyanja pamalopo. Mayi ake, a Mags Riordan, adali ndi chifukwa chokwanira chodana ndi nyanjayi ndi kusafunanso kumva dzina la Malawi. Koma adabwera kudzaona pamene mwana wawo adatsirizikira, napeza kuti anthu a m'mudzi wa Chembe adalibe chipatala pafupi, moti wodwala ankayenera kupita ku Monkey Bay. Adabwerera kwawo kukasonkhetsa ndalama, ndipo mu 2004 chipatala chokumbukira mwana wawo chidatsegulidwa m'mudzimo. Palibe chimene anthu a ku Chembe akadachita kuti awabwezere mwana wawo. Mayiwa adapereka chikondi pamalo pomwe adalandirapo chisoni chachikulu.

Tsono wina afunsa, ndipo ali ndi ufulu wofunsa: kodi kukonda mosasiyako kukutanthauza kuti mayi womenyedwa usiku uliwonse azingopirira? Yankho lathu ndi lakuti ayi, ndipo mpingo uyenera kunena zimenezi mosapsatira. Mawu oti banja ndi kupirira agwiritsidwa ntchito molakwa mpaka ena alowa nawo m'manda. Kukonda munthu ndi mtima wonse n'kumufunira zabwino zenizeni, ndipo palibe chabwino chimene munthu wankhanza amapeza tikamubisira tchimo lake. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja kuyambira mu 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Mayi kapena bambo amene wathawira kumeneko, kwa ankhoswe kapena kwa akulu ampingo kuti apulumutse moyo wake ndi wa ana sadaphwanye lamulo la chikondi.

Momwemonso, mtsikana asanyengedwe ndi mwamuna womuuza kuti ngati amamukondadi ampatse thupi lake. Wopempha umboni woterowo akufuna kulandira zonse iye osapereka kanthu. M'madoko a nyanja yathu muli mchitidwe wodziwika wosinthanitsa nsomba ndi thupi, umene umadyera masuku pamutu amayi osauka ndi kufalitsa matenda, ndipo palibe angautche chikondi. Kholo lokwatitsa mwana wamng'ono kuti lichepetse pakamwa podyetsa lisanene kuti likumufunira zabwino. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Chikondi cha mtima wonse chili ndi maso. Chimadzudzula, chimateteza, ndipo nthawi zina chimakana. Chimene sichichita n'kusunga chakukhosi kapena kufunira munthu zoipa, ngakhale pamene kwafunika kutalikirana naye.

Nanga mphamvu zokondera motere tingazitenge kuti, ife anthu otopa ndi okhumudwa? Yohane 21 akutitengera m'mbali mwa nyanja ina, ya Tiberiya, kumene asodzi adagwira ntchito usiku wonse osapha kanthu. Pakati pawo padali Petro, amene masiku ochepa m'mbuyomo adakana Mbuye wake katatu. Atafika pagombe adapeza moto uli kale, nsomba ndi mkate zili pomwepo. Ambuye adayamba awadyetsa, kenako ndiye adamufunsa Petro katatu za chikondi chake, ndipo nthawi iliyonse adamupatsa ntchito yosamala nkhosa. Ndondomeko imeneyi tiione bwino. Petro adalandiridwa asadalonjeze kanthu. Mtumwi Paulo pa Aroma 5:8 akunena chinthu chomwecho, kuti imfa ya Khristu idatipeza tikadali m'machimo athu. Mulungu sadayembekeze kuti tikhale oyenera, ndipo sadasunge Mwana wake pambali.

Munthu amene wadziwa kuti adakondedwa motero amayamba kumasuka ku mantha aja otipangitsa kubisa theka la mtima. Sakhalanso wowerengera kuti ndapereka zingati ndipo ndabwezeredwa zingati, chifukwa chuma chake chenicheni sichili m'manja mwa amene akumukondayo. Angathe kukhumudwitsidwa, inde, ndipo mwina sadzaona zipatso, monga Koyi sadazione. Koma sangaluze chimene Mulungu wamusungira. Petro yemwe uja, amene adaopa funso la mtsikana wantchito pabwalo la mkulu wa ansembe, ndiye adadzaima molimba mtima pamaso pa akuluakulu a ku Yerusalemu.

Choncho, abale ndi alongo, sabata ino banja lililonse lidzifunse mofatsa. Kodi ndani m'nyumba muno kapena pamudzi pano amene akulandira zotsalira za chikondi chathu? Ndi chiyani chimene tabisira mnzathu wapabanja? Ndani amene tidamusiya chifukwa tidaona kuti mwa iye mulibe phindu? Tikapeza dzina, tisadikire chitsitsimutso kapena nyengo ya Lenti. Bambo aulule ndalama zobisa zija. Amene ali ku Joni aimbe foni ndi kulankhula zoona. Mwana wamasiye alembetsedwe sukulu limodzi ndi anzake. Agogo asambitsidwe, adye, ndipo wina akhale nawo pansi kucheza. Bungwe la amayi, la abambo ndi la achinyamata lipeze munthu uja wotsala yekha ndi wodwala, limulandire ntchito ngakhale tsiku limodzi pasabata.

Ndipo amene mudzapeze mwayi wofika ku Cape Maclear, mudzapatuke pang'ono ndi ana anu kukaona manda aja. Mudzawauze kuti pakati pa ogona pamenepo pali mphunzitsi wachinyamata wochokera ku South Africa, amene adaphunzitsa ana a kuno miyezi yowerengeka chabe, namwalira osaona mmodzi wa iwo akubatizidwa, ndipo kuti Mulungu sadaiwale ntchito yake.

Ambuye atikhululukire pamene tapereka theka nkulitcha chathunthu, ndipo atiphunzitse kukonda monga Iye adatikondera. Amen.